Mzere wa Sabata m'Fayilo ya Kumtunda

Kalaliki Joachim atathawira ku Joni, anasiyira Loness, wolowa m'malo mwake, kompyuta imodzi, mpando wothyoka mwendo, ndi chisokonezo chimene iye ankachitcha dongosolo. Esiteti ya tiyi ya kufupi ndi Ruda, m'chigwa cha Honde, inali ndi magawo anayi, ndipo pulogalamu yolemba za antchito inkafuna kuuzidwa malamulo a gawo lililonse: nthawi yoyamba ntchito, tsiku lopuma, kujomba kungati kuti munthu achotsedwe. Malamulowo ankalembedwa m'fayilo. Joachim, posafuna kutopetsa mutu, anangokopera fayilo imodzi n'kupatsa gawo lililonse yake. Lamulo likasintha ku likulu la kampani ku Harare, ankayenera kulowa m'mafayilo onse n'kulisintha, koma ludzu linkamupeza asanamalize, ndiye magawo ena ankayendera malamulo a chaka chino, ena a chaka chatha.

Loness sankapirira uve. Anali mwana wa wothyola tiyi, anaphunzira za makompyuta ku Mutare, ndipo ngakhale nthawi imene sopo anasowa m'masitolo onse a pa Hauna, kolala ya bulauzi yake inkakhala yoyera mbee. Anakhala pansi n'kumanga zinthu mwatsopano.

Pamwamba anaika fayilo ya kampani, yokhala ndi malamulo onse. Pansi pake anaika ya esiteti, yongolemba pamene Honde ikusiyana ndi kampani. Pansi penipeni anaika mafayilo a magawo, ang'onoang'ono, ena a mizere iwiri yokha. Pulogalamu ikafuna kudziwa kanthu, inkayamba yafunsa fayilo ya gawo. Imeneyo ikakhala chete, inkakwera kukafunsa ya esiteti, ndipo nayonso ikakhala chete, mawu omaliza ankachokera ku ya kampani.

A Jaison, mkulu wa ofesi, anamvetsera zonsezi akuyang'ana pawindo.

"Zili ngati pabanja, VaJaison," anatero Loness. "Mwana amatengera za makolo ake. Pokhapokha akanena zake, ndiye zakezo zimagwira."

"Nanga mwanayo akayamba kunena zake pa chilichonse?"

A Jaison anali ndi ana aamuna osamva, ndiye funsoli linachokera pansi pa mtima. Loness analitenga ngati funso la ntchito. Anawonjezera loko: kholo likaika chizindikiro pa lamulo, fayilo ya pansi ikhoza kulemba zake mpaka kutopa, pulogalamu siiwerenga. Ku Harare anasangalala nazo, natumiza dongosolo lomwelo ku esiteti ya ku Chipinge. Loness anayamikiridwa pa foni, ndipo anayenda sabata yonse mapazi osagunda bwino pansi.

Gawo la Kumtunda linali la mapositori. Bambo ake a Loness, a Malachi, anali mmodzi wa akulu awo, a mutu wometa mpala ndi ndevu zofika pachifuwa. Anabadwira m'komboni momwemo. Atate awo anachokera ku Mulanje wapansi, nafera pa esiteti osabwererako, ndipo a Malachi Malawi ankangomumva m'nkhani. Chitupa chawo chinkati ndi mlendo. Anzawo achimanyika, eni dera, akakangana ndi kampani ankamanga katundu n'kupita kwawo ku Mandeya kukalima nthochi, koma iwo kwawo kunali nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, ya malata a dzimbiri, ndi mtengo wa mapeyala umene akazi awo, a Miriamu, anadzala kuseri. Ntchito ikatha, nyumbayo imabwerera kwa eni ake.

Mapositori sagwira ntchito Loweruka. Kalekale anagwirizana pakamwa ndi manejala wina, amene tsopano ndi fumbi, kuti Kumtunda kuzipuma Loweruka n'kumathyola Lamlungu. Fakitale inapindula nazo, chifukwa masamba ankabwera tsiku lililonse. Palibe anasainira kanthu. Pangano lonselo linatsala mu mzere umodzi wa m'fayilo ya Kumtunda, wakuti tsiku lopuma ndi Loweruka, pamene fayilo ya kampani inkati Lamlungu.

Mu 2007 magetsi anayamba chizolowezi chozima Loweruka lililonse. Masamba a tiyi sadikira. Akathyoledwa m'mawa n'kugona m'thumba, amatentha okha n'kufiira, ndipo otero ngoyenera kudzala. Kampani inaona kuti kuthyola pa tsiku limene makina ali zii n'kutaya mphamvu, ndiye inasintha fayilo ya pamwamba kuti aliyense azipuma Loweruka. Akatolika ndi a Pentekoste anadandaula. Mapositori anati Mulungu wayankha kudzera mu mawaya.

Masana ena, magetsi atabwerako pang'ono, Loness ankasesa m'mafayilo ake monga mwa nthawi zonse. Anafika pa ya Kumtunda. Tsiku lopuma, Loweruka. Anayang'ana ya kampani. Tsiku lopuma, Loweruka. Mwana ankangobwereza zimene kholo lanena kale, ndipo kwa Loness mzere wotero unali chinyalala, mtundu womwewo wa uve umene Joachim ankasiya. Anaufufuta. Anayesa pulogalamu, ndipo inati Kumtunda kumapuma Loweruka, monga kale. Anasunga fayiloyo ali wokhutira, napita kukafola pamzere wa ufa.

Chaka chinatha popanda chovuta. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pofika kumapeto kwa 2008 esiteti inali itayamba kupanda anthu. Anyamata anapita kukakumba dayamondi ku Chiadzwa, ena anadutsa mapiri kulowa ku Mozambiki, ndipo ambiri ankasiya abale m'nyumba za kampani mayina awo ali m'kaundula ngati akadali pa ntchito. Tiyi anakula kufika m'chiuno. Kampani inapeza dizilo wa jenereta posinthanitsa ndi tiyi, ndiye inafuna zinthu ziwiri: kubwezera tsiku lopuma pa Lamlungu, ndi kudziwa amene alipodi. Lamulo linakhwima. Wojomba katatu m'mwezi umodzi popanda kalata ya kuchipatala wadzichotsa yekha ntchito, ndipo atuluke m'nyumba.

Ntchito yolemba zimenezi inapatsidwa kwa Josiya, wa makompyuta ku likulu. Anali munthu wosamala. Asanaike loko, anasonkhanitsa mafayilo onse a m'munsi, a ku Honde ndi a ku Chipinge, kuti aone amene anali ndi mapangano awoawo. Ku Chipinge kunali gawo la mapositori limene kalaliki wake, waulesi ngati Joachim, sanafufutepo kanthu chiyambire. Mzere wawo wa Loweruka unali pomwepo, ndipo Josiya anaukweza n'kuulemba m'fayilo ya kampani kuti ukhale wololedwa. Pa fayilo ya Kumtunda sanapezepo kalikonse. Anatseka loko, natumiza fayilo yatsopano pa fulashi ndi dalaivala wa lole.

Loness anaiika m'kompyuta. Zonse zinayenda popanda kudandaula, ndipo anakondwa kuti nyumba yake inamangidwa bwino.

Kumtunda palibe anauzidwa kanthu, poti Pedro, kapitawo wa gawolo, anaganiza kuti abwerera ku za kale. Mapositori anapuma Loweruka n'kuthyola Lamlungu. Pulogalamu inalemba Lamlungu ngati ntchito yowonjezera, Loweruka ngati kujomba. Patadutsa Loweruka lachiwiri inatulutsa mayina a anthu amene atsala ndi mpata umodzi, ndipo Loness, akuwerenga ndi chala, anafika pa dzina la bambo ake.

Sanachedwe kudziwa chimene chachitika. Anatsegula fayilo ya Kumtunda n'kubwezera mzere uja, koma pulogalamu inayankha mwaulemu, m'mawu amene iye mwini anailembera, kuti lamulo limeneli latsekedwa ndi fayilo ya pamwamba.

Foni ya pa ofesi inali itafa kalekale chifukwa mawaya anabedwa. Anakwera kachitunda kuseri kwa fakitale, pamene foni ya m'manja inkagwira munthu akaima pa mwala wina, naimbira Josiya.

"Sisi, ndinayang'ana," anatero Josiya. "Fayilo yanu inali chete."

"Inali chete chifukwa ndinafufuta. Nthawi imeneyo mzerewo unkafanana ndi wa kampani."

"Kufanana lero si kufanana mawa. Mzere uja sunkabwereza, unkagwira malo." Anapumira m'mwamba. "Zvakaoma, zavuta. Mabwana anena kuti za kale zikhale, koma zatsopano ayi. Akuti tikatsegula, mawa esiteti yonse imera ndevu. Muli ndi pepala la pangano limenelo?"

Pepala panalibe. A Jaison nawo anatambasula manja. Anati iwonso ndi fayilo ya pakati, yongotengera za pamwamba, ndipo anaseka okha nthabwala yawoyo.

Kulemba bodza m'kompyuta sikukanatheka. Munthu ankawerengedwa kuti wabwera ngati nambala yake ili ndi masamba pa sikelo, ndipo masamba a pa sikelo ankayenera kufanana ndi olandiridwa ku fakitale. Mbali imeneyonso anailimbitsa ndi Loness yemwe.

Lachinayi masana anapita ku komboni. Iye ankagona m'kachipinda ka pafupi ndi ofesi, ndipo kuyambira pamene anasiya chovala choyera n'kuyamba kupemphera ku Pentekoste ya pa Hauna, ankabwera kwa makolo ake ngati mlendo wodziwika bwino. A Malachi nkhani imeneyo anaimeza osatafuna, sanaitchulepo. Anawapeza pakhonde akusoka lamba wa dengu lawo, lamba wa nsalu yofiira amene aliyense Kumtunda ankamudziwa. Anagwada, nafotokoza zonse, osadzibisa.

"Ndiye makina ako aiwala Sabata," anatero a Malachi.

"Ndine ndinawaiwalitsa, Baba."

"Ehe."

"Loweruka likubwerali likhala lachitatu. Mukangopita m'mawa, dengu limodzi lokha, nambala yanu ioneke pa sikelo. Mwezi ukatha kuwerenga kuyambiranso, ine ndikhala ndikulimbana ndi a ku Harare. Anzanu ena avomera kale."

"Anzanga ali ndi mitima yawo."

A Miriamu, amene ankasenda nthochi zaziwisi pakhomo, analowerera. "Bambo a Loness, nyumba ikapita tilowera kuti? Kwa yani? Manda a amayi anu ali kuseri kuno. Mulungu saona kuti ndi nzara iyi, njala yeniyeni, kuti zinthu zavuta?"

"Amaona. N'chifukwa chake sindipita." Anadula ulusi ndi mano. "Hazviite, mwanangu, sizingatheke. Ndakalamba osagwira tsamba pa Sabata. Ndiyambe lero chifukwa cha malata?"

Loness anabwerera ku ofesi atakwiya, ndipo mkwiyowo sunkadziwa kolowera, kwa bambo ake kapena kwa iye mwini. Anthu a mu ofesi sankagwira ntchito Loweruka. Anapita kwa Pedro.

Pedro anachokera ku Tete ali mnyamata, ndipo anaona zambiri moti palibe chinkamudabwitsa. "Ine sikelo yanga imadziwa nambala, simadziwa nkhope," anatero. "Ubwere ndi dengu la madala, unene nambala, puronto, basi. Koma manja ako a ukalalikiwo, mabhalani, udzalira nawo."

A Miriamu ndiwo anatulutsa dengulo mobisa, amuna awo atavala zoyera n'kutenga ndodo kupita kukapemphera. Loness anamanga pulasitiki m'chiuno chifukwa cha mame, nalowa m'mizere ya tiyi kwa nthawi yoyamba chisiyireni sukulu. Masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumsana. Manja anali ataiwala. Azimayi a m'mbali mwake ankathyola ndi manja onse awiri akucheza, n'kumamusiya kumbuyo.

"Kompyuta yafa kodi, mabhalani?" anafuula wina.

"Musiyeni, akufuna mabatani pa tsamba!"

Dzuwa litakwera, zala zinali zitang'ambika ndipo msana unkayaka. Koma dengu linadzaza. Pedro analipachika pa sikelo, nalemba nambala ya a Malachi osakweza maso. Loness anapita kukasamba ali ndi mtima wopepuka. Anaona kuti wapeza njira yodutsa pansi pa loko wake, ndipo kunena zoona ananyadira.

Chimene sanaganize n'chakuti mapositori sapemphera m'nyumba. Amakhala panja, pa phiri, ndipo phiri lawo linkayang'ana munda womwewo. Munthu wokhala pamenepo kuyambira m'mawa, maso ali kutsogolo, amaona wothyola aliyense, makamaka wochedwa amene watsala yekha pakati pa mzere ndi dengu la lamba wofiira.

Lolemba m'mawa jenereta inkalira, ndipo Loness anali atangolowetsa za pa sikelo za sabata yathayo. Chitseko chinagogodwa. A Malachi anali asanalowepo mu ofesi imeneyo moyo wawo wonse, malipiro ankalandirira pawindo. Anapukuta mapazi nthawi yaitali pa chiguduli, nalowa, naima patsogolo pa tebulo la mwana wawo manja ali kumbuyo. A Jaison anawapatsa mpando, iwo anakana.

"Mabhalani," anatero, "pa nambala yanga palembedwa masamba a Loweruka. Ine Loweruka sindinabwere. Fufutani."

Loness anaimirira. "Baba, simunagwire ndinu. Ndagwira ndine. Ine si wa mpingo wanu, tchimo ngati lilipo ndi langa."

"Lamulo silinena ine ndekha. Limatsika. Limagwira ine, limagwira mwana wanga, wamwamuna kaya wamkazi, ngakhale ng'ombe ndikanakhala nayo. Iwe unachoka ku mpingo, sindinakuletse. Koma kwa ine sunachoke. Ukathyola pa dzina langa ndi dengu langa, wathyola ndi manja anga."

"Ndiye tikagone kuti? Amayi akagone kuti?"

"Madzibaba Ezekieli a ku mpingo kwathu ali ndi khitchini ku Mandeya. Anena kuti tikhoza kukhalamo mpaka mvula ithe."

"Khitchini ya eni!"

"Ine ndinabadwira m'nyumba ya eni, mwanangu."

A Jaison anatsokomola. Anati iwo sanamve kalikonse, ndipo ngati a Malachi angabwerere kumunda, nkhaniyi ithera pomwepo. Anali munthu wabwino mwa njira yake, wofuna kuti zinthu zizidutsa iye akuyang'ana kumbali. A Malachi anawathokoza, koma sanasunthe. A Jaison anakumbuka mwadzidzidzi kuti akufunika ku fakitale.

Anatsala awiri. Loness anakhala pansi. Bambo ake sankatha kuwerenga zolembedwa pa kompyuta, ngakhale za papepala ankazitsatira movutika. Akanatha kugogoda mabatani opanda pake, n'kunena kuti zatheka, iwo n'kutuluka ndi mtendere, nyumba n'kukhala. Loweruka lina akanapeza munthu wina, dengu lina, munda wa kuseri kwa phiri. Anaziganiza zonsezi bwinobwino, mwadongosolo, monga ankaganizira chilichonse. A Malachi anali ataima pomwepo, osayang'ana kompyuta n'komwe. Ankayang'ana zala zake zong'ambika zija.

"Zikupweteka?" anafunsa.

"Pang'ono."

"Umathyola ndi chikhadabo. Amathyola ndi mnofu wa chala." Anamuyang'ana m'maso. "Ine sindiona zimene ukulembazo. Ukandiuza kuti wafufuta, ndikhulupirira."

Loness anamva chisoni chimene sanachimvepo, ndiponso manyazi, poti anali atatsala pang'ono kuwanamiza. Anatsegula tsiku la Loweruka, napeza nambala ya bambo ake, nasamutsira masambawo pa mulu wa gawo wopanda dzina kuti za ku fakitale zisasokonekere. Pulogalamu inafunsa ngati akutsimikiza. Anavomera.

"Ndafufuta, Baba."

"Zikomo, mabhalani."

Pakona makina osindikizira anadzuka okha. Zimenezonso zinali m'fayilo ya kampani, kuti munthu akakwanitsa kujomba kwachitatu kalata yomuchotsa ntchito izituluka nthawi yomweyo, osadikira dzanja la wina. Riboni inali yotha, ndiye zilembo zinatuluka zotuwa. Loness anang'amba pepalalo, nalipereka ndi manja awiri.

A Malachi analiyandikitsa kumaso, nalitalikitsa, kenaka analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya.

"Ukaweruka ubwere kunyumba," anatero. "Udzawawerengere amayi ako. Ine sindingathe kuwauza."